Penti Wofiira pa Msika wa pa Mlatho

Ntchito yanga ndi yoyenda. Sabata ino Kasungu, yamawa Mangochi, kenako Mzuzu. Ndimaphunzitsa akuluakulu a m'makhonsolo: kuyendetsa misika, kulankhula ndi anthu, kulemba malipoti. Chikwama chimodzi, laputopu, mapepala omata pakhoma. Lachisanu ndimagawa masatifiketi n'kukwera basi. Dzina langa ndi Ramsey. Ndinakulira ku Chilomoni, koma bedi langa kumeneko limandiona mwa apo ndi apo.

Ulendo uno anandiitanira kwathu konkuno. Maphunziro a masiku asanu pa loji ina ku Maselema. Ophunzira khumi ndi awiri. Oyang'anira misika, a zaukhondo, makalaliki a m'mawodi. Wamkulu wawo anali mayi Gertrude, manijala wosakonda kuseka. Wachikulire kuposa onse anali bambo Bernard, a zaukhondo, a ku Nsanje, kolona m'khosi. Anali atatsala miyezi isanu kuti apume pa ntchito. Anzawo ankasewera ndi mafoni. Iwo okha ankalemba chilichonse chimene ndanena.

Lachitatu linali tsiku lotuluka panja. Phunziro lake n'losavuta. Gulu limapita pamsika, limayenda, limafufuza pamene pali vuto. Ngalande yotseka, dzala losefukira, waya wamagetsi wolendewera. Paliponse potero timaika chizindikiro, timayeza, timajambula. Tikabwerera m'kalasi timakambirana. Ndinachita zimenezi ku Luchenza, ku Dedza, ku Karonga. Palibe amene anadandaulapo.

Chizindikirocho ndimaika ndi choko chachikasu. Choko ndinali nditachiiwala m'basi ya ku Mangochi. M'mawa umenewo ndinaima pa hadiweya ku Limbe kuti ndigule penti wopopera. Wachikasu analibe. Ndinatenga wofiira.

M'minibasi, tikulowera ku Bangwe, a Bernard anandigwira paphewa.

"Aphunzitsi, a komiti ya msika mwawadziwitsa?"

"Tikawauza tikafika."

"Pamsika sitimangolowa. Timayamba kwa wapampando. Amatipatsa munthu wotiperekeza."

"Madala, tili ndi ola limodzi lokha. Wapampando akayamba pemphero, kudziwana, mbiri ya msika, ola latha."

Anyamata a kumbuyo anaseka. A Bernard anachotsa dzanja.

"Chabwino. Eni sukulu ndinu."

Msika wa pa Mlatho si waukulu. Mabenchi a matabwa, mashopu angapo a njerwa, ngalande yodutsa pakati. Tinatsika cha m'ma 10 koloko. Tonse mavesiti owala, ena mafoni m'manja, wina tepi yoyezera. Penti ndinapatsa a Bernard, poti ngalande amazidziwa ndi iwo. Anayang'ana chitinicho, anayang'ana ine.

"Wofiira?"

"Ndi amene analipo. Tingoika X waung'ono."

Mwana aliyense wa m'tauni amadziwa tanthauzo la X wofiira pakhoma. Ndiye kuti pamenepo pagumulidwa. Nanenso ndinkadziwa. Sindinaganize basi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti zaka ziwiri zapitazo pamsika womwewu panabwera anthu a mavesiti, anayeza, anaika ma X. Patatha sabata mbali yonse ya kumtunda inali pansi.

X woyamba anamuika pa mzati wa benchi la tomato. Mayi wa tomatoyo anasiya kulongedza. Wachiwiri pakhoma la shopu yogulitsa matumba a pulasitiki. Wailesi imene inkalira pa malo ometera inazima. Wachitatu pakhoma la butchala, pamene madzi akuda ankatulukira pansi pa maziko.

Mwini butchala anatuluka. Dzina lake ndinalimva pambuyo pake: Marko. Wamfupi, wa khosi lonenepa, epuloni ya magazi, chikwanje chodulira nyama chili m'manja.

"Madala, mukulemba chiyani pakhoma langa?"

"Ndi sukulu chabe, mwananga. Tikuphunzira."

"Sukulu? Imvi zonsezo?"

Anthu anaseka. Kuseka kosasangalala. Anali atayamba kale kutizungulira.

"Aja anabwera chaka chija ankatinso akungoyeza," anatero mayi wina kumbuyo.

Mayi Gertrude anadutsa pakati, anatulutsa chiphaso chawo cha ntchito n'kuchikweza m'mwamba.

"Tamverani. Ife ndife akhonsolo."

Akanangokhala chete. Mawu aja anayenda msika wonse, benchi ndi benchi, ndipo pofika kumapeto anali atasanduka ena. Abwera ogumula.

Choyamba chinali tomato wowola. Anaphulikira pa vesiti ya kalaliki wina. Chachiwiri chinali theka la njerwa. Linapeza mayi Gertrude pamphumi. Anakhala pansi ngati wina wawakokera mpando, chiphaso chili m'manja. Mnyamata wa tepi anamukwapula ndi thabwa lamisomali kumsana. Anakuwa, anataya tepi, anadumpha ngalande. Wina amene ankajambula anamulanda foni, anaiponda, n'kumuponda iyenso. Dalaivala wathu sanadikire. Mwala unaswa galasi lakumbuyo akukhota, ndipo anapita ndi anthu anayi okha, chitseko chili chitsegulire.

A Bernard sanathawe. Mawondo awo sanali othawira. Anaima pomwepo, chitini m'dzanja, zala zili psu ndi penti. Umboni wonse unali pa iwo. Marko anawamenya ndi chikwanje chogoneka, osati kokuthwa, pakhutu. Magalasi awo a m'maso anauluka. Anagwera m'ngalande chagada. Anyamata awiri anawatulutsa mowakoka miyendo, mutu ukugunda m'mphepete mwa simenti. Kenako sindinawaonenso. Ndinkangoona misana ya anthu ndi mikono ikukwera, ikutsika.

Ndinathawa.

Ndinavula vesiti n'kuiponya pansi pa benchi. Ndinalowa kanjira ka zovala za kaunjika, ndinagwetsa mulu wa mathalauza, ndinatulukira kwa a makala. Palibe ananditsata. Wopanda vesiti ndinali ngati wina aliyense. Ndinafika pamsewu. Minibasi ya ku Limbe inali itaima, kondakitala akumenya chitseko. Phazi limodzi ndinali nditakweza kale.

Wina anandigwira lamba kumbuyo. Mayi Gertrude. Nsapato imodzi, magazi atatseka diso, bulauzi itang'ambika paphewa.

"Mukupita kuti?"

"Kukaitana apolisi."

"Ndawaimbira kale. Ali m'njira. Ndi mmene msewu wadzadzira, adzapeza phulusa."

"Phulusa?"

"Atenga thayala, a Ramsey."

Kondakitala anati, "Biggie, mukukwera kapena mukucheza?"

Mayi Gertrude sanasiye lamba. Sanakweze mawu.

"Mkulu uja anakuuzani m'minibasi. Tonse tinamva. Akafa, ine ndidzanena zimenezo kulikonse kumene adzandifunse. Koma sindikufuna kukanena. Ndikufuna atuluke."

Ndinatsitsa phazi. Minibasi inapita.

Ndinabwerera kudzera kwa a makala. Ndinafunsa mayi wina kumene kuli wapampando. Anandiyang'ana nsapato, anandiyang'ana wotchi, n'kuloza ndi mlomo ku shedi ya nsomba zouma.

Wapampando anali mayi Petronela. Wamtali, duku lakuda, mikono ya munthu wonyamula madengu. Ankaphimba usipa wawo ndi masaka, mosafulumira. Pa msomali kumbuyo kwawo panali chimkuzamawu cha mabatire, cholengezera maliro ndi misonkhano. Phokoso linkamveka bwinobwino kuchokera ku butchala.

"Mayi, akupha munthu."

"Ndikumva."

"Ndi mlendo wanu. Ndi wa gulu langa."

"Pamsika pano lero sipanabwere alendo. Akanabwera ndikanadziwa."

"Ndinalakwitsa ndine. Si zogumula. Ndi maphunziro chabe. Chonde kawauzeni."

Anamanga saka lomaliza. Anatembenuka.

"Ndikawauze chiyani, bambo? Andifunsa kuti unadziwa? Ndikati ayi, ndiye kuti ndikunena zimene sindikuzidziwa. Ndikati inde, ndiye kuti ndagulitsa msika. Shedi ino ipsa lero lomwe. Aja anataya mashopu chaka chija alipo pamenepo. Marko anataya awiri."

"Ndiye titani?"

Anachotsa chimkuzamawu pa msomali n'kundiika nacho pachifuwa.

"Pakamwa panu pomwepo. Mukanene zonse. Ine ndi azimayi anga titenga mkuluyo." Anandiyang'ana m'maso. "Koma anthu aja manja awo atentha kale. Sangatsale opanda kanthu. Mukundimva?"

Ndinamva.

Anaimba likhweru kawiri. Azimayi asanu anachoka pa mabenchi awo, akumanga zitenje. Tinayenda. Miyendo yanga inkapita yokha.

A Bernard anali atawakhazika pansi, atatsamira khoma la butchala, pansi pa X wawo yemwe. Nkhope sinkadziwika. Shati inali itapita. Thayala la minibasi linali m'khosi, litawapanikiza mikono. Wakabaza wina anali atagoneka njinga yake yamoto n'kukhetsera petulo m'botolo. Marko anathira. Pamutu, pamapewa, pathayala. Petulo analowa m'maso. A Bernard sanakuwe. Milomo yokha inkagwedera.

"Machesi," anatero Marko. "Ndani ali ndi machesi?"

Bokosi loyamba linali lonyowa. Ndodo ziwiri zinathyoka. Wina anathamangira kwa okazinga tchipisi kukatenga chikuni.

Ndinakwera pa benchi la tomato. Ndinadina batani lolakwika. Chimkuzamawu chinayamba kubwereza uthenga wa maliro a sabata yatha, mawu a mayi Petronela, dzina la malemu ndi nthawi yonyamukira. Anthu onse anatembenuka. Ndinadina lina.

"Penti uyo ndinagula ndine."

Mawu anga anatuluka aakulu.

"Dzina langa ndi Ramsey. Ndine mphunzitsi wawo. Ndinawabweretsa ndine. Palibe chogumulidwa. Timafuna tione pamene ngalande yatseka. Mkuluyo anandiletsa. Anati tiyambe kwa wapampando. Ndinakana. Anati penti wofiira ayi. Ndinamuuza kuti lembani. Iye wangomvera ine."

"Ndiye bwana wake ndi ameneyu," wina anatero.

"Vesiti wasiya kuti?"

"Anathawa uyu. Ndinamuona."

Marko anapukuta manja pa epuloni.

"Tsika, aphunzitsi. Utiphunzitse tili pafupi."

Sanadikire kuti nditsike. Anakankha benchi. Ndinagwa ndi tomato yemwe, chimkuzamawu chinagubuduka kwina. Bondo la munthu linanditera pachifuwa. Chibakera choyamba chinandithyola dzino. Ndinalimva likuyenda palilime. Kenako nsapato. M'nthiti, m'mimba, kumsana. Wina anali ndi paipi yamadzi. Wina sikelo ya chitsulo, ndipo anandimenya nayo padzanja nditaphimba mutu. Zala ziwiri zinalira ngati nkhuni zouma.

Ndinagona chammbali. Pakati pa miyendo ya anthu ndinkaona khoma la butchala. Azimayi aja anali atafika. Sanathamange, sanalankhule. Awiri anakweza thayala. Mmodzi anavula chitenje n'kuwafunditsa a Bernard kumutu. Anawagoneka pa saka la makala, anagwira m'makona, anawakoka. Mnyamata wa chikuni chamoto anafika nthawi yomweyo. Mayi wa tomato, yemwe uja benchi lake linali ndi X, anamuthira ndowa ya madzi otsukira, iye ndi chikuni chomwe.

"Moto pafupi ndi katundu wanga? Wapenga?"

Saka linalowa m'kanjira ka ku shedi ya nsomba. Sindinalionenso.

Marko anazindikira mochedwa. Anayang'ana pakhoma, panalibe munthu. Anayang'ana ine. Anatola thayala lija, likudontha petulo.

"Palibe vuto. Saizi ndi yomweyo."

Anandidzutsa, anandikhazika. Thayala linadutsa pamutu. Linkanunkha petulo ndi magazi a munthu wina. Ndinakodzedwa. Sindibisa. Mkodzo unatsika m'thalauza, wotentha, ndipo ana amene anakwera pa denga la shopu anauona n'kuseka.

Chimkuzamawu chinalira. Mayi Petronela anali atachitola. Anaima pakati pa ine ndi anthu.

"Marko."

"Amayi, chokanipo."

"Khoma ili ndi la ndani?"

"Langa."

"X uyu akhala pamenepa?"

Marko anayang'ana X uja pakhoma.

"Ukamuotcha, X atsala. Mawa kubwera galimoto zitatu za apolisi, msika atseka, ndipo adzapeza chizindikiro chili pakhoma pako, mtembo uli pakhomo pako. Pamenepo ndiye adzagumuladi. Wanena yekha kuti analembetsa ndi iye. Afufute yekha. Ndi manja ake. Tonse tikuona."

"Akunama ameneyu. Abweranso."

"Akadzabweranso adzayambira kwa ine. Si choncho, aphunzitsi?"

Ndinagwedeza mutu. Magazi anadontha pathayala.

Kenako bambo wina wa matumba a pulasitiki anati, "Ayambe langa." Wina anati ayi, ayambe la Marko. Anayamba kukangana za khoma loyambira. Thayala anandivula mondikhadzula makutu. Marko anandiponyera mwala wa ngalande pamiyendo.

"Pala."

Ndinagwada pakhoma. Dzanja lamanja silinkagwira. Ndinagwira mwala ndi lamanzere, ndikuthandizira ndi chikhatho cha linalo. Penti wopopera amalowa m'simenti. Sachoka msanga. Ndinapala. Ndikachedwa, paipi inkatera kumsana. Ndikaima kuti ndipume, inkateranso.

"Phunziro loyamba," anatero Marko, paipi ili m'mwamba. "Ukafika pakhomo pa eni umati chiyani?"

"Odi."

"Sindikumva."

"Odi."

"Wanzeru mwanayu. Apatsidwe satifiketi."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneku kunali kosiyana ndi koyamba kuja. Ena anayamba kubwerera ku mabenchi awo. Khungu la m'zala linasupuka. Pofufuta penti ndinkapakapo magazi, ndipo Marko ankati ufufutenso amenewo. Ndinamaliza la butchala. Anandikokera ku shopu ya matumba. Ndinamaliza. Pa mzati wa benchi la tomato mayi uja anandipatsa mpeni wake.

"Pala ndi uwu. Usandithyolere thabwa."

Ndili pakati pa mzatiwo, kumsewu kunaphulika kanthu. Utsi wokhetsa misozi. Apolisi anali atafika. Anthu anabalalika, mabenchi anagwa, ana analira. Marko analowa m'butchala n'kutseka chitseko. Ine sindinathe kuimirira. Ndinakwawa, maso akuwotcha, mpaka ku shedi ya nsomba.

Mayi Petronela anali atakhala pakhomo, nsalu yonyowa kumphuno. Anasuntha mwendo kuti ndidutse. M'kati, pakati pa madengu a usipa, a Bernard anali gone pa saka paja. Azimayi awiri ankawatsuka m'maso ndi madzi a m'chigubu. Chifuwa chinkakwera, chinkatsika. Pang'onopang'ono, ndi kaphokoso ngati ka ketulo.

"Akupuma?"

"Mukuona nokha," anatero mayi Petronela. "Galimoto ibwere kumbuyo kuno. Asadutse nawo pakati pa msika."

Anatinyamula pa galimoto ya apolisi, tonse awiri pansi, mayi Gertrude atagwira mutu wa a Bernard pamiyendo pawo. Pa bampu iliyonse a Bernard ankabuula. Ndinkawerenga kubuulako. Pafupi ndi Limbe anasiya. Mayi Gertrude anaika khutu pakamwa pawo, nthawi yaitali, n'kuuza dalaivala kuti athamange.

Kuchipatala anatilekanitsa. Ine anandisoka mlomo, anandimanga zala ndi nthiti. Wapolisi analemba zimene ndinanena. Ndinanena zomwe zija za pa benchi, osachotsapo. Dzuwa litapendeka anandilola kuyenda. Ndinafunsa wodi ya a Bernard, ndinayenda mogwira khoma.

Bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Mutu wonse mabandeji, kupatula mphuno ndi pakamwa. Pansi, pa chitenje, panakhala mayi wochepa thupi, atagwira kolona wa a Bernard, woduka. Anali akazi awo, mayi Helena. Anandiyang'ana mlomo wotupa, anandiyang'ana manja.

"Ndinu aphunzitsi aja?"

"Ndine."

"Amakutchulani madzulo alionse chiyambire Lolemba. Amati mumaphunzitsa bwino."

Ndinafunsa zimene adokotala anena.

"Akuti moyo ulipo. Nthiti zinayi. Diso lamanzere latha. Lamanja tiona akamasula."

"Mayi, zonsezi ndi ine. Anandichenjeza."

"Andiuza kale mayi a kuntchito aja." Sanakweze mawu, sanandipatse malo okhala. "Zimenezo mudzanena ndi eni ake akadzuka. Ine sindinaliko."

Ndinaima pomwepo. Odwala ena ankadya. Wina ankamvera mpira pa foni. Patapita nthawi, dzanja la pabedi linagwedezeka. M'zikhadabo munali mudakali mofiira.

"Helena."

"Ndili pano."

"Ndani uyo?"

"Aphunzitsi anu."

A Bernard anatembenuzira mutu kukhoma. Ndinaganiza kuti agonanso.

"Ana aja atuluka onse?"

"Onse, madala," ndinatero. "Awiri avulala pang'ono. Ali kwawo."

"Mayi Gertrude?"

"Awasoka pamphumi. Ali panja."

"Chabwino." Anameza movutika. "Madzi."

Mayi Helena anathira madzi m'kapu ya pulasitiki. Anayang'ana bedi, anayang'ana kapu. Manja awiri sakanakwanira kudzutsa munthu ndi kumumwetsa. Anandipatsa kapuyo osandiyang'ana. Zala zanga sizikanagwira. Ndinaipana ndi zikhatho ziwiri. Iwo analowetsa mkono pansi pa khosi la amuna awo n'kuwadzutsa pang'ono. Ndinafikitsa kapu pamilomo yong'ambikayo. Madzi ena anatayikira pa bandeji. Ena anamwa.